Mphindi Zisanu ndi Zitatu

Mwezi wa Januwale ndimadwala molipidwa.
Basi ya m'mamawa imandiwolotsa mlatho wa Tay
mdima usanatsanzike m'misewu ya Dundee,
ndipo m'chipinda chachisanu ndi chimodzi amandiveka dzina lina:
Mayi Geddes, amasiye,
amene anasiya kumwa mapiritsi a mtima osauza munthu.

Belu likalira chitseko chimatseguka,
mwana wa eni alowa, suti yobwereka ikulendewera m'mapewa.
Mphindi zisanu ndi zitatu: andifunse, andimvetse, atuluke.
Belu. Wina.

Ambiri amabwera ndi chifundo choloweza pamtima,
chogula kwa aphunzitsi apadera ku Edinburgh:
kamutu pendeke, nsidze m'mwamba,
"ndikumvetsa mmene mukumvera, mayi,"
ana khumi ndi anayi motsatizana
ngati anatunga pa mpopi umodzi.

Pankhomaliro madokotala amakangana ine ndili pomwepo,
poti wodwala wongoyerekeza alibe makutu.
Dokotala Fyfe akuti malikisi sanama,
wosadziwa mlingo wa mankhwala adzapha munthu akumwetulira.
Pulofesa Menon akuti malikisi amangoulula
nyumba imene inali ndi tebulo ndi moto wowothera.
Wachitatu, maso ali psuu ndi ntchito ya usiku,
akuti basi tingoponya mayina m'chipewa tichite maere,
mwina chipewa chilibe tsankho.
Aseka. Tiyi azizira.

Fyfe sindimutsutsa konse.
Mwamuna wanga Dougal anamusoka mtsempha
ndi dokotala wamwano amene sanafunse n'dzina lomwe,
ndipo Dougal anakhalanso zaka khumi ndi chimodzi
akumutukwana, akulima mbatata zake.

Koma lero kunalowa nambala 117.
Mtsikana wa malankhulidwe a kudoko la kumpoto,
zala zong'aluka ngati wosenda nsomba m'madzi oundana.
Mafunso anamuthawa.
Anangoti duu theka la mphindi,
chete amene woyesa amamulembera ziro.
Kenako maso ake anasiya pepala
n'kutera pa dzanja langa lamanzere,
limene limanjenjemera lokha pabondo,
limene mulibe m'sewero.

"Pepani," iye anatero motsitsa mawu,
"ichi si cha Mayi Geddes, eti?
Chinayamba liti?"

Ndinati n'kuzizira chabe.
Pantchito yonama yonseyi
limenelo ndilo bodza loyamba kundiwawa.
Chinayamba Okutobala.
Mwana wanga sadziwa. Ndimagwirira kapu kumanja
ndi kubisa linalo m'thumba la juzi.

Belu linalira.
Woyesa analemba osadzutsa mutu:
wachoka pamutu wa nkhani, ziwiri pa zisanu.

Fomu yanga ili ndi funso limodzi lokha:
kodi mungalole uyu kukhala dokotala wanu?
Amati yankho langa amaliwerengera ndithu,
kagawo kakang'ono ngati mchere wa m'phala.
Ndinachonga dala ndi dzanja lamanzere,
mzere unatuluka wokhotakhota ngati njira ya nyerere.

Ngati samu amazitha sindikudziwa.
Ngati angapirire zaka zonsezo
za mitembo, ngongole ndi tulo ta pampando
sindikudziwanso.
Mwina Fyfe akulondola ndipo malowo apite kwa mnyamata uja
amene anatchula mankhwala anga onse mwadongosolo
osandiyang'ana n'kamodzi komwe.
Malo ndi ochepa, ana ndi nyanja.

Ndikudziwa chabe kuti zaka zikubwerazi
ndidzagona pabedi lenileni, pansi pa dzina langa lenileni,
Ishbel Rennie,
popanda pepala londiuza choti ndinene,
ndipo chitseko chidzatseguka popanda belu.

Pobwerera, basi ili pakati pa mlatho,
ndinaimba foni kuchipatala cha kwathu.
Anati dokotala apezeka pakatha masabata atatu.
Ndinati chabwino, lembani.
Foni ndinaigwira ndi manja awiri.